Galimoto yalephera MOT, pepala ladzaza ma advisory: ndiyambire pati?

Mayi wina amene amakhala ku England wanditumizira uthenga uwu wokhudza MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka kumene lamulo la kumeneko limafuna, koona ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu:

"Bambo makaniko, galimoto yanga ya zaka 11 yalephera MOT Lachiwiri lapitali. Pansi pa major alemba zinthu ziwiri: sipuling'i yakutsogolo yathyoka, ndipo CV boot yang'ambika. Pali minor imodzi, babu ya pa nambala puleti. Kenako pali ma advisory asanu: matayala akutsogolo atsala pang'ono kutha, ma brake pad akumbuyo apyapyala, paipi ya mabuleki yachita dzimbiri, injini ikudontha oyilo, ndipo ball joint ina ikugwedera pang'ono. A ku galaja akuti kukonza zonsezi ndi £1,100. MOT yakale ikutha pakapita masabata awiri. Ndimagwira ntchito ya usiku, popanda galimoto sindingafike. Kodi ndingayendebe nayo? Ndikaibweza kuti akaiyezenso ndilipiranso? Nanga ma advisory amenewa ndi okakamiza, kapena anthuwa akungofuna kundidyera ndalama?"

Mayi, khazikani mtima pansi. Pepala ngati lanulo ndimaliona pafupifupi sabata iliyonse, ndipo kwa galimoto ya msinkhu umenewo palibe chodabwitsa. Pa zinthu zisanu ndi zitatu zimene alembazo, ziwiri zokha ndi zimene zakulepheretsani. Zinazo n'zoti tikambirane, chifukwa sizilemera mofanana, ndipo pali chimodzi chimene ine chikundidetsa nkhawa kuposa sipuling'i imene yakugwetsaniyo.

Kuyambira pa 20 May 2018, woyeza MOT akapeza vuto amaliika m'gulu limodzi mwa atatu. Dangerous ndi vuto loti likhoza kuchititsa ngozi lero lomwe, ndipo galimoto siyenera kuyenda mpaka itakonzedwa. Major ndi vuto lalikulu loti galimoto yalephera, liyenera kukonzedwa kuti mulandire setifiketi. Minor ndi vuto lenileni ndithu, koma laling'ono, moti galimoto imakhoza nalo, kungoti mukonze msanga. Advisory ili payokha. Chinthucho sichinafike pa malire a lamulo, koma woyezayo waona kuti chikulowera komweko, ndiye akukutsinani khutu. Lamulo silikukakamizani kukonza advisory kuti galimoto ikhoze. Amene angakuuzeni kuti sakupatsani setifiketi pokhapokha mutakonza ma advisory akukunamizani.

Tiyambe ndi funso limene likukusowetsani tulo, loti muyende nayo kapena ayi. Lamulo limalola kuichotsa pa galaja ngati MOT yakale idakali yamoyo ndipo papepala palibe dangerous. Inu zonse ziwiri zili bwino. Koma pali msampha apa umene ambiri amagweramo. Setifiketi yakale sikutetezani ku mlandu woyendetsa galimoto yosayenera kukhala pamsewu. Umenewo ndi mlandu wapadera, ndipo galimoto ikapezeka kuti ndi yoopsa chindapusa chake chikhoza kufika £2,500, kuphatikizapo mapointi 3 pa laisensi, mwinanso kuletsedwa kuyendetsa. Zotsatira za Lachiwirizo zinalowa kale m'kompyuta ya DVSA, bungwe la boma limene limayang'anira MOT, choncho simunganene kuti simunkadziwa.

Kusiya za lamulo, sipuling'i yothyoka sindimaikhulupirira. Ikathyoka imasiya nsonga yakuthwa, ndipo imakhala moyandikana kwambiri ndi mbali ya mkati ya tayala. Mukagunda dzenje kapena bampu, chidutswacho chikhoza kusuntha n'kucheka tayalalo mukuthamanga. Ndiye ine ndikanati ulendo wake ukhale umodzi wokha, wochoka pomwe ili kupita kumene akaikonze, pang'onopang'ono, masana. Zopita nayo kuntchito usiku pamsewu waukulu, ayi, pemphani mnzanu akutengeni masiku ochepawa. Masabata awiriwo akatha osakhoza, ndiye kuti galimoto siloledwa kuyenda kapena kuimikidwa pamsewu, kupatula popita kokonzetsa kapena ku MOT imene munasungitsiratu malo. Kuyenda opanda MOT chindapusa chake chimafika £1,000.

Tsopano za kuyezetsanso. Apa nkhani yagona pa masiku. Mukaisiya pa galaja imene inaiyezayo, iwo n'kuikonza n'kuiyezanso pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, amangoyang'ana zimene zinalephera ndi zimene akhudza pokonza, ndipo simulipira kanthu pa kuyezako. Mukaichotsa n'kukakonzetsa kwina, kenako n'kuibweza pa galaja yomwe ija m'masiku 10 omwewo, amayezanso mbali yokhayo, koma amaloledwa kukulipiritsani, osapitirira theka la mtengo wa MOT. Mtengo wapamwamba umene lamulo limalola pa galimoto wamba ndi £54.85, ndiye theka lake mukhoza kuwerengera nokha. Magalaja ambiri salipiritsa n'komwe, koma funsani musanachoke. Masiku 10 akadutsa, kapena mukapita nayo ku galaja ina, zonse zimayambiranso pachiyambi, mtengo wonse, kuyeza konse.

Loweruka, Lamlungu ndi masiku a holide saawerengera. Popeza inalephera Lachiwiri, ngati palibe holide pakati, tsiku lanu lomaliza ndi Lachiwiri la sabata yachiwiri kuchokera tsikulo. Musadikire tsiku limenelo, chifukwa galaja ikhoza kukhala yodzaza. Dziwaninso kuti mwayi woyezetsa mbali yokhawu ndi umodzi pa MOT iliyonse. Ikalepheranso, basi, mulipira yathunthu.

Mwina mwamva anzanu akunena kuti ukaibweza mawa lake ndi ulere. N'zoona, koma pa zinthu zowerengeka zimene zili pamndandanda wa boma, monga matayala, mawaipa, galasi lakutsogolo, magalasi oonera kumbuyo, hutala, batire, zitseko, nambala puleti ndi magetsi, kupatula kuwongola kumene magetsi akutsogolo akulozera. Sipuling'i ndi CV boot sizili pamndandandawo, ndiye inu njira imeneyo sikukukhudzani.

Zinthu ziwiri zimene zakulepheretsani sindikhalitsapo. Sipuling'i isinthidwe, ndipo ine ndimalangiza kusintha zonse ziwiri zakutsogolo, ngakhale kuti MOT imangofuna yothyokayo. Zinabadwa tsiku limodzi, zadya mchere wa pamsewu wofanana nyengo yozizira iliyonse, ndipo imodzi yatsopano pambali pa yotopa imapendeketsa galimoto. Ngati thumba silikulola, yothyokayo yokha ikukwanirani kukhoza. CV boot ndi kachikwama ka labala kamene kamasunga girizi pa jointi yotumiza mphamvu ku tayala. Kakang'ambika girizi amatuluka, mchenga ndi madzi zimalowa. Labalayo ndi yotsika mtengo, chodula ndi jointi imene ikuonongeka mkatimo. Mukamakhota chiwongolero mpaka kumapeto, mukuyenda pang'onopang'ono, n'kumamva kuti khe khe khe, jointi yadyeka kale, muwauze amakaniko asangosintha labala yokha. Babu ya pa nambala puleti ndi ntchito ya mphindi zisanu, aikeni nthawi yomweyo.

Tibwere ku ma advisory, kumene kuli nkhani yeniyeni. Choyamba muyenera kudziwa mmene woyeza amagwirira ntchito. Saloledwa kumasula chilichonse. Sachotsa matayala, sachotsa mapulasitiki otchinga pansi pa galimoto. Ali ndi tochi, manja, kahamala kakang'ono kogogodera dzimbiri, jeke, ndi makina oyezera mabuleki ndi utsi. Zimene walemba ndi zimene maso ake afika tsiku limenelo. N'chifukwa chake mawu a advisory amaoneka ngati ozemba: "pang'ono", "sichinapitirire", "chatsala pang'ono". Sikuti akukubisirani, ndi pamene kuona kwake kwathera.

Pa asanu anuwo, ine ndikanayamba ndi paipi ya mabuleki. Mapaipi amenewa ndi achitsulo, oonda ngati pensulo, ndipo amayenda pansi pa galimoto kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, m'matope ndi mumchere. Mukaponda buleki, mafuta amene ali mkatimo amapanikizika kwambiri. Dzimbiri la pamwamba, longa fumbi lofiira, si vuto, amapala n'kupaka mankhwala oteteza. Koma chitsulo chikayamba kufufuma n'kumasendeka ngati khungwa, khoma la paipi lapyapyala, ndipo limaphulika nthawi imene mwaponda mwamphamvu, imene ndi nthawi yomwe mukuwafunitsitsa mabulekiwo.

Chaka china bambo wina anabweretsa galimoto yowala bwino, yopolisha, mkati monunkhira. Nditayang'ana mbiri yake ndinapeza kuti paipi yakumbuyo inalembedwa advisory zaka zitatu zotsatizana. Ndinaikweza pa makina oyezera mabuleki, matayala akuzungulira, ndikuponda pang'onopang'ono kuonjezera mphamvu. Mwadzidzidzi pedulo inangoti fwa, kulowa mpaka pansi. Nditatsika ndinapeza mafuta akuyenderera kuchokera pamwamba pa thanki, pamalo oti sungaone popanda kagalasi. Bamboyo anali pa benchi yoonerera, ndipo nditamuitana kuti adzaone, anangogwira pakamwa. M'mawa womwewo anali atakasiya ana kusukulu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kuyambira pamenepo advisory ya paipi sindiitenga mwachibwana.

Ndiye werenganinso pepala lanu. Ngati alemba kuti paipi yakutidwa ndi girizi kapena zinthu zina, tanthauzo lake n'lakuti woyezayo sanathe kuona chitsulocho bwinobwino. Pemphani kuti galimoto ikakwezedwa, apukute malowo, apale, akuonetseni ndi maso anu. Ngati ndi dzimbiri la pamwamba, mwapulumutsa ndalama. Ngati ladya, sinthani tsopano, ngakhale zitatanthauza kuti zina zidikire.

Achiwiri ndi matayala. Malire a lamulo ndi mamilimita 1.6 a mizere, pa magawo atatu mwa anayi a pakati pa tayala, kuzungulira tayala lonse. Latsopano limakhala ndi pafupifupi 8. Funsani kuti anayeza angati, chifukwa "atsala pang'ono" ya woyeza wina ndi 3, ya wina ndi 1.8, ndipo pamenepo pali kusiyana kwa miyezi yambiri. Mukhoza kudziyezera nokha. Tengani kobiri ya 20p, ilowetseni mumzere wa tayala malo atatu kapena anayi. Mkombero wakunja wa kobiriyo ukabisika, mudakali bwino. Ukamaoneka, nthawi yakwana. Pindani chiwongolero kuti muone mbali ya mkati, chifukwa n'kumene matayala akutsogolo amakonda kudyeka mobisa, makamaka pa galimoto imene yakhala ikuyenda ndi sipuling'i yothyoka. Tayala likatsika pansi pa 1.6 limachoka pa advisory n'kulumphira pa dangerous, ndipo apolisi amawerengera mlandu pa tayala lililonse palokha. Kwa munthu woyenda usiku m'misewu yonyowa ngati inu, ine sindikanadikira malirewo. Mizere ija ntchito yake ndi kutaya madzi, ndipo ikafupika galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime pamvula. Koma musaike matayala atsopano sipuling'i ndi ball joint zisanakonzedwe komanso alayimenti (kuwongola kaimidwe ka matayala) isanachitidwe, mungadzawadye mbali imodzi m'miyezi yochepa.

Ma brake pad akumbuyo nthawi zambiri amatha pang'onopang'ono kuyerekeza ndi akutsogolo, chifukwa ntchito yaikulu yoimitsa galimoto imagwiridwa kutsogolo. Pa MOT, akatsika pansi pa mamilimita 1.5 ndi dangerous. Apanso funsani nambala. Ngati atsala 4, muli ndi nthawi. Ngati atsala 2, sinthani mwezi uno, chifukwa akatheratu chitsulo chimakhula disiki, ndiye mugula zonse ziwiri. Chimene ndimayang'ana ine n'chakuti kodi atha mofanana mbali zonse. Ngati mbali imodzi yatha kwambiri, kalipa, chipangizo chimene chimapanikiza mapadi pa disiki, ikugwira, ndipo kungoika mapadi atsopano sikuthetsa vuto.

Pa ball joint, mfundo imene imalumikiza mbali ya tayala ku sasipenshoni n'kumalilola kukhota, pali njira yopulumutsira ndalama. Onani ngati ili mbali imodzi ndi sipuling'i kapena CV boot ija. Papepala amalemba nearside, kutanthauza kumanzere, mbali ya m'mphepete mwa msewu, ndi offside, kumanja, mbali ya dalaivala. Ngati zili mbali imodzi, makaniko akhala atamasula kale malo omwewo, ndiye kuwonjezera ball joint sikuyenera kukudyerani ndalama ya ntchito yathunthu kachiwiri. Muwafunse mosabisa kuti mtengo wa ntchito auphatikiza bwanji. Ngati ili mbali ina ndipo kugwederako n'kochepadi, ikhoza kudikira miyezi ingapo, koma khutu likhale tcheru. Mukayamba kumva gu gu podutsa pa bampu, kapena galimoto ikamayendayenda yokha mumsewu wowongoka, pitani nayo sabata yomweyo. Ball joint ikazuka, tayala limagona chammbali.

Oyilo ndi womaliza. Injini zambiri za zaka zimenezo zimachita thukuta. Kuti kudontha kulepheretse MOT, pamafunika kuti m'mphindi 5 pansi papangike chithaphwi choposa mamilimita 75 m'mimba mwake, ndipo inu simunafike kumeneko. Yalani katoni pansi pa injini usiku umodzi, m'mawa muone. Madontho awiri atatu, ingoyang'anani mulingo wa oyilo sabata iliyonse. Chokhacho chimene ndikanafuna kudziwa ndi kumene akuchokera, chifukwa oyilo wodonthera pa lamba wa injini kapena pa ekizozi yotentha ndi nkhani ina.

Kodi akukudyerani? Kuchokera pano sindingaweruze, koma £1,100 imeneyo isakhale chimtolo chimodzi. Apempheni alembe mtengo wa chinthu chilichonse pachokha, zipangizo padera, ntchito padera, ndipo asiyanitse zofunika kuti ikhoze ndi zongolangiza. Galaja yoona mtima siikana zimenezi. Muli ndi ufulu wokakonzetsa kulikonse kumene mwafuna, ndipo kutenga pepala lomwelo kukafunsa mtengo malo ena awiri ndi nzeru. Apempheninso akusungireni zitsulo zakale zimene achotsa. Sipuling'i yothyoka siibisika, muiona nokha.

Ndinene chilungamo pa mbali yathu ifenso. Oyeza timasiyana. Wina amalemba chilichonse chimene waona kuti mawa asadzamuloze chala, wina amalemba zochepa. Chifukwa chake pepala lalitali silitanthauza kuti galimoto ndi yoipa kuposa ya mnzanu amene anatuluka ndi pepala loyera. Ndipo inde, alipo ena amene amaona advisory ngati khasu lolimira makasitomala. Koma m'zaka zanga zonse, anthu amene ndawaona atalira kwambiri ndi amene anapinda pepala n'kuliponya m'galimoto osaliwerenganso mpaka chaka chamawa. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atakhala kuti amagulitsanso matayala.

Ngati mukukhulupirira kuti anakulepheretsani molakwa, yambani mwakambirana ndi galajayo. Zikakanika mukhoza kudandaula ku DVSA pasanathe masiku 14 ogwira ntchito, koma galimoto isakonzedwe mpaka iwo ataiona. Mumalipira mtengo wa MOT kachiwiri, ndipo amakubwezerani wonse kapena gawo mukapezeka kuti munali olondola. Pa nkhani yanuyi sindikuona phindu lake. Chothyoka ndi chong'ambika sizitsutsika, ndipo mungotaya masiku opanda galimoto. Kudandaula kumagwira ntchito pa zinthu zodalira maganizo a woyeza, monga kukula kwa dzimbiri kapena kugwedera. Chaka chamawa, ngati mtima sukukhazikika, pali malo oyezera a makhonsolo ena amene nthawi zambiri sakonza magalimoto a anthu wamba, choncho sapindula kanthu mukalephera. Kulikonse kumene mwapita mumaloledwa kuonerera kuchokera pamalo amene anakonzera zimenezo, bola osamusokoneza woyezayo.

Madzulo ano lowani pa webusaiti ya boma ya GOV.UK, pa tsamba loonera mbiri ya MOT. N'zaulere, mumangolemba nambala ya galimoto, ndipo zotsatira zimayambira 2005. Muona mtunda umene inali itayenda chaka chilichonse, zimene inalephera, ndi ma advisory onse. Fufuzani paipi ija ndi ball joint ija. Ngati zalembedwa koyamba chaka chino, muli ndi mpata. Ngati zakhala zikubwera zaka ziwiri zitatu, musazitengenso ngati chenjezo, ndi ntchito yochedwa. Onaninso ngati mawu okhudza dzimbiri pa chasisi kapena pafupi ndi pomangira sasipenshoni ndi malamba akuwonjezeka chaka ndi chaka. Dzimbiri lodya chitsulo mkati mwa masentimita 30 kuchokera pamalo oterowo limalepheretsa, ndipo kuwotcherera n'kumene kumapangitsa anthu ambiri kuitaya galimoto yakale. Ngati mbiri yanu ilibe zimenezo, galimotoyo ndi yoyenera kuikonza. Mbiri yomweyi ndi imene munthu wodzagula galimoto yanu adzawerenge, ndiye sungani malisiti a chilichonse chimene mwakonza.

Chinthu chimodzi munachita bwino kwambiri, ndicho kupita nayo MOT yakale isanathe. Lamulo limalola kuyezetsa mpaka mwezi umodzi, kuchotsapo tsiku limodzi, setifiketi isanathe, tsiku lanu lothera n'kukhalabe lomwelo chaka chotsatira. Chaka chamawa gwiritsani ntchito mwezi wonsewo. Boma limatumizanso uthenga wokumbutsa pafoni kapena pa imelo kwaulere mukalembetsa. Zonse ndanenazi ndi za England, Scotland ndi Wales, kumene MOT yoyamba imachitika galimoto ikakwanitsa zaka 3. Ku Northern Ireland ndi zaka 4, amayezera m'malo a boma, ndipo malamulo oyezetsanso ndi ena.

Musaiwale kuti MOT si sevisi. Inayamba mu 1960 ikungoyang'ana mabuleki, magetsi ndi chiwongolero pa magalimoto a zaka 10, ndipo ngakhale yakula kwambiri, mpaka lero siyang'ana thanzi la injini, kilatchi kapena giyabokosi. Galimoto ikhoza kukhoza m'mawa, lamba wa injini n'kuduka madzulo. Mukaisiya ku galaja sabata ino, funsani kuti lamba ameneyo ndi mafuta a mabuleki zinasinthidwa liti, popeza pa galimoto ya zaka 11 zimenezo pepala lanu silingakuuzeni.

Ndipo pali zizindikiro zoti musadikire nazo MOT kapena tsiku limene munasungitsa. Pedulo ya buleki ikayamba kufewa kapena kulowa pansi pang'onopang'ono mutaiponda, mafuta a mabuleki akamatsika m'kabotolo kake, nyali yofiira ya mabuleki ikayaka pa dashibodi, kapena mukamva chitsulo chikukhula tayala pokhota, imani pamalo otetezeka, zimitsani, imbirani anthu okoka magalimoto aitengere ku galaja.